Magetsi akutsogolo akamafooka pa galimoto yakale, yezani musanagule swichi ina

Magalimoto ambiri a m'ma 1950 ndi 1960 alibe relay (kaswichi koyatsidwa ndi magetsi ochepa kamene kamadutsitsa magetsi ambiri) pa magetsi akutsogolo. Mphamvu yonse imachoka ku batire, kudutsa m'swichi ya padashibodi, kulowa m'swichi ya dimu, kenako ku mababu. Mababu awiri a 55 watts pa 12 volts amakoka pafupifupi ma amp 9, onsewo kudzera pa tizitsulo ta mkuwa tosaposa chikhadabo. Pa galimoto ya 6 volts, monga Volkswagen Beetle zakale, babu lamphamvu yofananayo limakoka kuwirikiza kawiri.

Tizitsuloti tikachita dzimbiri, vuto limadzidyetsa lokha. Resistance (kukaniza magetsi kudutsa) ya 0.1 ohm yokha, pa ma amp 10, imadya volt imodzi n'kutulutsa kutentha kwa 10 watts m'kati mwa swichi. Kutenthako kumafewetsa sipulingi, tizitsulo timagwirana mofooka, kutentha n'kuwonjezeka mpaka pulasitiki kusungunuka. Ndipo babu likaperewera volt imodzi yokha, kuwala kwake kumatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi.

Kuyeza ma ohm galimoto itazima kumanyenga, chifukwa kachingwe kamodzi kotsala m'waya woduka kamaonetsa ngati zonse zili bwino. Lizani injini, yatsani magetsi, ikani mita yoyezera magetsi pa DC volts. Nsonga imodzi igunde pa plus wa batire, inayo kumbuyo kwa pulagi ya babu, osaizula. Nambala imene mukuwerengayo ndi mphamvu yotayika m'njira, ndipo isapitirire 0.5 volts. Ikapitirira, bwererani m'mbuyo polumikizira paliponse: swichi ya dimu, potulukira swichi yaikulu, polowera pake. Pamene nambala yatsika mwadzidzidzi ndi pomwe pali vuto. Yezaninso pakati pa earth ya babu (waya wake wopita ku bodi ya galimoto) ndi minus wa batire. Apo isapitirire 0.2. Nthawi zambiri swichi imanamiziridwa pomwe wolakwa ndi bawuti ya earth yadzimbiri kuseri kwa nyale, kapena swichi ya dimu yopondera phazi, imene imamwa madzi pansi pa kapeti.

Magalimoto ambiri a ku Britain mpaka chapakati pa m'ma 1960 ndi a positive earth, kutanthauza kuti plus wa batire ndiye wamangidwa ku bodi, ndipo poyeza plus ndi minus zimasinthana malo, choncho onani kaye waya wa batire amene wamangidwa ku bodi. Pa mawaya a Lucas, kampani ya ku Britain ya zamagetsi a galimoto, wabulauni umachokera ku batire, wabuluu ndi wochoka ku swichi yaikulu kupita ku swichi ya dimu, wabuluu wa mzere wofiira ndi dimu, wa mzere woyera ndi fulu, wakuda ndi earth.

Swichi ikapezeka yolakwa, masulani batire ndi kujambula mawaya musanazule. Pa magalimoto ambiri a ku America a swichi yokoka, pali kabatani pathupi la swichi. Kanikizani ndipo chogwiriracho chituluka ndi ndodo yake. Wongolani pang'onopang'ono timakutu tachitsulo totsekera thupi la swichi, chifukwa timathyoka mukatipinda kawirikawiri, ndipo tsegulirani swichiyo m'kathumba ka pulasitiki, poti kasipulingi ndi kampira kake zimauluka. Palani mkuwa ndi sandipepala wosalala wa 600, tsukani ndi mankhwala otsukira ma contact, n'kupaka girizi wa zamagetsi wochepa kwambiri. Ngati pulasitiki yasungunuka ndipo mapini akugwedera, imeneyo yatha, musavutike nayo. Magetsi akamazima n'kudziyatsanso okha pa swichi zokokazi, ndi circuit breaker ya m'kati (kachipangizo kodula magetsi akachuluka) imene ikutentha. Fufuzani shoti kapena mababu amphamvu yopyola muyeso musanaiimbe mlandu.

Swichi yotsukidwa idzapsanso ngati ikusenzabe ma amp onse aja, n'chifukwa chake ndi bwino kuika ma relay awiri a 30 amp pafupi ndi nyale, ina ya dimu ina ya fulu. Pini 30 ilandire waya wa 2.5 mm² wochokera ku batire, wokhala ndi fyuzi yakeyake ya 15 amp pafupi ndi batirelo. Pini 87 ipite ku mababu, 86 ilandire waya wakale wochokera ku swichi, 85 ipite ku earth. Swichi imatsala ndi ntchito yoyatsa koyilo ya relay basi, imene imakoka ma amp osafika 0.2. Musadule mawaya oyambirira. Gwiritsani mapulagi kuti zonse zibwezereke mmene zinalili. Pa galimoto ya positive earth gulani relay yopanda diode m'kati, ndipo pa ya 6 volts, ya koyilo ya 6 volts, fyuzi yokulirapo ndi waya wokulirapo wa 4 mm².