M'mamawa ku Lake Camanche

Potsegula chitseko cha RV (galimoto yokhala ngati nyumba, yogonamo paulendo) m'mamawa uno, ndapeza mwana wanga wamng'ono ali khale m'mphepete mwa madzi, galu wathu atatsamira pamwendo pake. Onse ali zii, akuonerera nkhungu ikunyamuka panyanja. Abale anga, misozi yalengeza m'maso.

Chaka chatha galuyu tinamusiya kwa anzathu, mwana sanadye bwino ulendo wonse. Kuno kumunsi kwa mapiri a Sierra Nevada ku California, m'dziko la America, amalola agalu bola akhale pachingwe, ndipo ine ndikugwirizana nazo, chifukwa m'udzu woumawu mumabisala njoka za rattlesnake. Madzulo aliwonse tikumamuzula galuyu njere za udzu wa foxtail pakati pa zala, zimakanirira kuposa chisoso.

Panopa bambo ake akuwotcha nsomba. Zobwerera ku Sacramento mawa mtima ukukana.