Madola kapena mapointi: khomo la ife okonzekera mayeso a Java ku Zomba

Aliyense amene wayesapo kukonzekera mayeso a satifiketi ya zamapulogalamu ali kuno kwathu akulidziwa khomo limene ndikunenali. Wapeza tsamba labwino pa intaneti, mafunso oyeserera alipo, anthu akufotokozerana bwinobwino, iwe wawerenga atatu, ukati udine lachinayi wapeza atseka. Pansi pake akupatsa njira ziwiri: lipira mwezi ndi mwezi, kapena sonkhanitsa mapointi pothandiza anzako.

Ine ndimakonza makompyuta masana, madzulo ndimaphunzitsa achinyamata zoyambira za khodi kwathu ku Matawale, ndipo chaka chino ndikukonzekera mayeso a kampani ya Oracle a Java, chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta. Mayesowo paokha amadya madola oposa 200. Ndalama imene ndikusunga ya zimenezo sindiikhudza ngakhale zitavuta bwanji, ndiye nkhani ya kulipiranso malo ophunzirira ndimaiganizira kwambiri.

Kulipira sindidana nako. Munthu amene wakhala pansi kulemba mafunso oyeserera, n'kufotokoza chifukwa chake yankho lili loona ndi chifukwa chake enawo ali olakwa, wagwira ntchito, ndipo wantchito ayenera kudya. Koma amene amaika mitengoyi akati "madola khumi okha pamwezi" sadziwa kuti kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Ndipo ngakhale makwachawo uli nawo m'manja, masamba amene ine ndawapeza safuna Airtel Money kapena Mpamba, amafuna khadi la ku banki lotha kulipira kunja. Ndi kusowa kwa ndalama zakunja kumene tili nakoku, khadi limatha kukana iwe ndalama zili mu akaunti. Ambiri amathera kupempha m'bale wa ku Johannesburg kuti awalipirire, iwo n'kubweza popereka makwacha kwa amayi ake kumudzi. Zimatheka kamodzi, kawiri. Mwezi uliwonse m'bale amatopa.

Ndiye timatembenukira ku mapointi.

Nzeru imeneyi si yatsopano. Experts Exchange, tsamba la mafunso ndi mayankho a zamakompyuta limene linayamba mu 1996, linatchuka nayo: mayankho anali otsekera olipira, koma amene ankayankha mafunso n'kupeza mapointi okwanira ankalowa osalipira. Anthu ambiri olemba mapulogalamu zinkawawawa kufufuza pa Google, kupeza funso lofanana ndendende ndi lawo, koma yankho litabisidwa. Kuwawidwa kumeneko ndi chimodzi mwa zimene zinachititsa Jeff Atwood ndi Joel Spolsky kuyambitsa tsamba la Stack Overflow mu 2008. Kumeneko kuwerenga n'kwaulere kwa aliyense. Mapointi amangokutsegulira mphamvu zina: wina akavomera yankho lako ndi voti umalandira 10, wofunsa akalisankha kuti ndilo lamuthandiza umalandira 15, ndipo kwa zaka zambiri umafunika 50 kuti uziika ndemanga pa mafunso a anthu ena.

Ubwino wa njira imeneyi ndauona ndi maso anga. Usiku wina magetsi atazima, ndili pa batire ya laputopu ndi intaneti ya pafoni, ndinapeza funso la munthu wodabwa kuti chifukwa chiyani new String("Zomba") == "Zomba" ikumupatsa false, kutanthauza kuti si zofanana, pamene mawu ake ndi amodzimodzi (iye anali ndi mawu ena, a Zomba ndaikamo ndine). Yankho ndinkalidziwa: chizindikiro cha == chimaona ngati zinthu ziwirizo zili chinthu chimodzi mu memory, pamene equals() ndiye imayerekeza zilembo zake. Koma kudziwa ndi kufotokoza n'zosiyana. Kuti ndimulembere zomveka ndinayenera kutsegula mabuku, kuwerenga za string pool (malo a mu memory amene Java imasungamo mawu kuti isawabwereze), kuyesa khodi ndekha kuti ndione chimene chimachitika ukaitana intern(), imene imakupatsa mawu a mu string pool. Pamene ndimatumiza yankho langa ndinapeza ena ayankha kalekale, mavoti atapita kwa iwo. Mapointi amene ndinapeza anali ochepa zedi. Koma mutu umenewo unakhazikika m'mutu mwanga kuposa chilichonse chimene ndinangowerenga, ndipo funso la mtundu umenewo likabwera pa mayeso oyeserera sindichedwa nalo.

Komabe pali chinthu chimene eni masambawa sachiona bwino. Mwana wa achemwali anga ali chaka choyamba pa University of Malawi pompano ku Chirunga, akuphunzira zamakompyuta. Nditamuonetsa tsamba lina la mapointi anandiyang'ana nati, "Amalume, ine ndiyankhe chiyani poti ndabwera kudzafunsa?" Ananena zoona. Amene akufunitsitsa kulowa ndi amene alibe choti apereke. Katswiri wa zaka khumi pantchito, amene angathe kulipira osamva kupweteka, ndiye amasonkhanitsa mapointi mosavuta n'kulowa ulere. Woyamba kumene, wopanda madola, wopanda luso, amakhala panja. Onjezani kuti mafunso osavuta amayankhidwa m'mphindi zochepa ndi anthu a ku India kapena ku America amene intaneti yawo sidukaduka, pamene mtsikanayu akuwerengera bandulo yake kuti imufikitse Lachisanu. Ulere umenewu umadya data, umadya nthawi, umadya batire.

Apa ndi pamene yesero limalowera, ndipo ndi gawo limene limandipweteka mtima. Masamba ena amapereka mapointi ambiri osati pofotokoza, koma potumiza mafunso amene munthu wakumbukira kuchokera m'chipinda cha mayeso enieni. Amawatcha ma dumps. Kwathu kuno timati likasa, palibe dzina lina. Mnzanga wina pa gulu lathu la WhatsApp ananditumizira fayilo yotere nati, "Achimwene, ingoikani pa tsamba lija, mapointi a chaka chonse mwapeza." Ndinakana. Aliyense wolemba mayeso a Oracle, Cisco kapena Microsoft amavomera asanayambe kuti sadzaulula mafunso, ndipo akakugwira amatha kukulanda satifiketi n'kukuletsa kulembanso. Koma chachikulu si chilango. Ife tinaona mayeso a MSCE a 2020 akuthetsedwa chifukwa mapepala anatuluka nthawi isanakwane, ndipo amene anavutika kwambiri ndi ana amene anawerenga mokhulupirika. Satifiketi ya Java ikadzadziwika kuti ku Malawi anthu amaipeza poloweza likasa, olemba ntchito adzasiya kuikhulupirira, ndi yanga yomwe imene ndikuigonera usikuyi. Komanso mayankho a mu ma dumps ambiri amakhala olakwa, chifukwa wolemba wake anangoloweza osamvetsa.

Tsopano kwabweranso okopera mayankho a ChatGPT n'kuwamata kuti apeze mapointi mwachangu. Stack Overflow inaletsa mayankho otere mu December 2022, chifukwa amaoneka anzeru pamene ambiri ali ndi zolakwika. Paliponse pamene mapointi asanduka ndalama, pamapezeka wofuna kuwapeza osakhetsa thukuta.

Funso limene ndimadzifunsa ndisanayankhe pa tsamba lililonse ndi ili: yankho langali lipita kwa yani? Kusonkhanitsa mapointi kuli ngati ganyu wolipidwa chimanga m'malo mwa ndalama, ndipo ganyu si chamanyazi, koma wolima ayenera kudziwa mwini munda. Ngati ndafotokoza za string pool usiku wonse, tsambalo n'kutsekera yankho langa kuti aliyense wofuna kuliona alipire madola, ndiye kuti ndagwirira ntchito kampani imene ikugulitsa thukuta langa kwa mwana wa achemwali anga yemwe. Kumeneko sindiyankhako. Stack Overflow nayo si ya angelo: mu 2021 kampani ya Prosus inaigula pa madola 1.8 biliyoni, ndipo anthu amene analemba mayankho onsewo sanagawireko. Koma zimene analembazo zili pansi pa chilolezo cha Creative Commons, ndipo wophunzira wa ku Chinamwali kapena ku Chikanda akhoza kuziwerenga lero osatulutsa tambala. Kwa ine kusiyana kumeneko n'kokwanira.

Pa mayeso oyeserera okha ndinalipira, kamodzi, kudzera mwa msuweni wanga wa ku Joni, ndipo ndinasankha ogula kamodzi n'kukhala ako, osati odula pakhadi mwezi uliwonse. Zina zonse ndimatenga pamalo otseguka: Coderanch, kumene anthu akhala akukambirana za mayeso a Java kuyambira nthawi ya Sun Microsystems, Oracle isanaigule mu 2010, ndi freeCodeCamp, tsamba lophunzitsa khodi limene Quincy Larson anayambitsa mu 2014 ndipo masatifiketi ake ndi aulere, ngakhale sali a Oracle.

Mtsikana wathu uja tinamupezera poyambira. Pa Stack Overflow munthu watsopano akakonza funso la wina, monga kusanja bwino khodi imene yaikidwa mosokonekera kapena kuwongola mutu wosamveka, ndipo oyang'anira n'kuvomera, amalandira mapointi 2. N'zochepa, koma kuti akonze funso ayenera kuliwerenga mpaka alimvetse, ndipo akatero amawerenganso mayankho ake. Loweruka amabwera ku Matawale ndi anzake a m'kalasi, aliyense ndi funso limodzi limene analikonza mlungu umenewo, n'kutifotokozera pa bolodi m'Chichewa chimene wofunsayo analakwitsa. Mlungu uno akubwera ndi za ArrayList ndi LinkedList, mitundu iwiri ya mndandanda mu Java, ndipo ndawauza kuti ndikufuna amve kaye kusiyana kwake pofufuta chinthu chapakati pa mndandanda.