Kutenga mphaka wokalamba: zoyenera kufufuza musanavomere, ndi kapezedwe ka dzina lake

Munthu akafuna mphaka amafunsa kamwana ka masabata 8 kapena 10. Mphaka wamkulu amabwera mwanjira ina: mwini wake wamwalira, wapita kunja, kapena wasamukira m'nyumba ya lendi yomwe salola ziweto. Ena amapezeka kumalo osamalira nyama monga LSPCA ku Lilongwe. Ndikapatsidwa mphaka wotere sindiyankha tsiku lomwelo. Ndimayamba ndi zaka zake, kenako mbiri yake, thupi lake ndi thumba langa. Dzina limabwera zonsezi zitatha.

Madokotala a ziweto amati mphaka wa zaka 7 mpaka 10 ndi wachikulire, ndipo akapitirira zaka 10 ndi nkhalamba. Wosamalidwa bwino amafika zaka 15, ena amadutsa 18. Ndiye mukatenga wa zaka 9, werengerani zaka 5 kapena kuposerapo za chakudya ndi mankhwala. Zaka zimene mwini wake wanena ndimazitsimikizira ndi kabuku ka katemera. Kakasowa, ndimayang'ana thupi: mano achikasu okanirira zolimba m'mbali, mano oguluka, zikhadabo zokhuthala zosabwerera bwino m'kati, maso ooneka ngati muli kautsi, ndi msana womveka mafupa ukamasisitidwa. Izi zimangopereka chithunzi. Mphaka wa zaka 4 wokulira kumsika akhoza kukhala ndi m'kamwa moipa kuposa wa zaka 12 wa m'nyumba.

Kwa mwini wake ndimafunsa zimene mphakayo amadya ndi nthawi zake, kumene amadzithandizira, ngati anafulidwa kapena kuchotsedwa chiberekero, ngati anakhalapo ndi ana, agalu kapena amphaka anzake, komanso dzina limene amamuitanira. Funso lakuti “mukumuperekeranji?” ndimalifunsa kawiri, mwanjira zosiyana. Munthu amene mphaka wake wayamba kukodzera pa bedi kapena pa mpando sanena msanga, poopa kuti mumukana. Koma ndi nkhani yofunika kuimva, chifukwa kawirikawiri gwero lake si mwano wa mphaka. Chimakhala chikhodzodzo chotupa, impso zofooka, kapena nyamakazi imene ikumulepheretsa kukwera m'beseni lake la mchenga lodzithandiziramo.

Pokamuona ndimakhala pansi mphindi 20 kapena 30 osamugwira. Ndimangotambasula chala kuti anunkhize akafuna. Ndimaonetsetsa kayendedwe kake, ngati amazengereza asanadumphire pa mpando, ndiponso ngati ubweya wa kumsana kufupi ndi mchira wapotana, zomwe zimasonyeza kuti sakutha kupindika kuti adzinyambite. Mphaka wobisala pansi pa bedi mlendo akabwera si woopsa, ndi mantha chabe. Ubwino wa mphaka wamkulu ndi wakuti khalidwe lake linakhazikika kale. Wokonda kunyamulidwa adzapitiriza kukonda, wosafuna sadzasintha chifukwa mwamugulira mbale yatsopano. Ngati cholinga chanu ndi makoswe a m'nkhokwe, mphaka wa zaka 12 wa miyendo yowawa sangakuthandizeni. Ndipo maganizo akuti mphaka akamanidwa chakudya ndiye amasaka bwino ndi olakwika, amangowonda n'kudwala.

Gawo limene limapereka yankho lenileni ndi la kwa dokotala wa ziweto, ndipo ndimapempha kuti lichitike ndisanavomere. Dokotala amamuyeza pa sikelo (amphaka ambiri amalemera makilogalamu 3.5 mpaka 5), amamuona m'kamwa, amamupapasa pakhosi ndi pamimba, ndipo amamvetsera mtima. Kwa mphaka wopitirira zaka 7 ndimapemphanso kuyeza magazi ndi mkodzo, chifukwa matenda akuluakulu a ukalamba saoneka ndi maso akamayamba.

Oyamba ndi a impso, ofala kwambiri mwa amphaka okalamba. Mphaka amamwa madzi ambiri, amakodza kwambiri, amawonda pang'onopang'ono. Wathanzi amafuna madzi pafupifupi mamililita 50 pa kilogalamu iliyonse patsiku, kuphatikizapo a m'chakudya, kutanthauza mamililita 200 kwa mphaka wa makilogalamu 4. Akamafika kawiri pamenepo, pali vuto. Impso zowonongeka sizichira, koma chakudya chapadera chochepa phosphorus (michere ina ya m'zakudya imene imalemetsa impso zodwala) chimachedwetsa matendawa, ndipo chakudyacho n'chodula. Achiwiri ndi a chithokomiro: mphaka amadya kwambiri koma akuwondabe, amalira usiku, mtima umathamanga. Mankhwala alipo, koma ndi a tsiku ndi tsiku moyo wake wonse. Achitatu ndi shuga, amene nthawi zambiri amafuna jakisoni wa insulin kawiri patsiku. Insulin amasungidwa mufiriji, ndiye ngati kwanu magetsi amathima tsiku lathunthu, ganizirani zimenezo musanalonjeze. Achinayi ndi mano. Mphaka wodontha dovu, wonunkha m'kamwa, wotafunira mbali imodzi amafunika kuzulidwa mano atagonekedwa ndi mankhwala. Ndalama zake zimapweteka kamodzi, koma ambiri amasintha kwambiri akachira, amayambanso kudya bwino.

Ngati muli ndi amphaka ena pakhomo, pemphani kuti ayezedwe FIV ndi FeLV, matenda a mavairasi ofooketsa chitetezo cha m'thupi mwa mphaka. Matenda awiriwa sagwira anthu. FIV imafala makamaka polumana kwambiri, ndipo mphaka amene ali nayo akhoza kukhala zaka zambiri ngati sakutuluka kukamenyana. FeLV imafala kudzera m'malovu, ngakhale podyera mbale imodzi, choncho wopezeka nayo sindimusakaniza ndi anzake. Za katemera wa chiwewe palibe kukambirana: ngati palibe umboni wolembedwa, abayidwe. Mphaka wosadziwika mbiri akakulumani kapena kukukandani, tsukani bala ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15 ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Zotsatira zikabwera ndimadzifunsa mafunso atatu. Kodi ndingathe kumupititsa kwa dokotala miyezi 6 iliyonse, monga mmene nkhalamba imafunikira? Kodi alipo wom'patsa mankhwala ndikapita kumaliro kapena kumudzi? Kodi eni nyumba ndi onse a m'banja avomera? Limodzi likakhala “ayi”, ndimakana, ndipo ndimathandiza kufunafuna khomo lina. Palinso chimene ambiri amachizemba: wotenga mphaka wa zaka 13 ndi amene adzakhale ndi udindo wouza dokotala kuti amugoneke tulo tosadzuka ululu ukadzakula. Ngati mukudziwa kuti simungathe, nenani pachiyambi. Matenda amodzi odziwika, amene mankhwala ake mungawakwanitse, si chifukwa chomukanira mphakayo. Ine ndimaona kuti mphaka wodziwika vuto lake ndi wosavuta kusunga kusiyana ndi amene sanayezedwe n'komwe.

Ndikavomera, ndimakonza chipinda chimodzi chotsekeka bwino asanafike. Mumakhala katoni yobisalamo yokhala ndi nsalu yochokera kwawo kwakale, mbale ya chakudya, mbale ya madzi yoikidwa patali pang'ono ndi chakudyacho, ndi beseni lalikulu la mchenga wozama masentimita 4 kapena 5 pakona ina. Mbali imodzi ya beseni ndimaidula kuti itsike, mwina masentimita 5 mpaka 8 kuchokera pansi, kuti wa nyamakazi alowe osadumpha. Zonyansa zimachotsedwa tsiku lililonse, koma mayi woyembekezera asagwire ntchito imeneyi chifukwa cha kachilombo ka toxoplasma kamene kangavulaze mwana m'mimba. Ponyamula ndimagwiritsa ntchito bokosi lonyamulira kapena katoni yolimba yoboola, osati thumba. Amakhala m'nyumba masabata 3 kapena 4 asanatuluke, chifukwa mphaka wamkulu akatulutsidwa msanga amayamba ulendo wobwerera kwawo kwakale, ndipo ambiri amasowera panjira. Ngakhale atazolowera, usiku ndimamutsekera. Kunja kuli agalu, makoswe odya poizoni amene iye angawagwire, komanso anthu ena amene amati mphaka woyenda usiku, makamaka wakuda, ndi wa ufiti ndipo amamugenda.

Sabata yoyamba adye zimene anazolowera. Kenako ndimasintha kwa masiku 7 mpaka 10: gawo limodzi mwa magawo anayi likhale chatsopano, kenako theka, kenako magawo atatu. Kusintha kamodzin'kamodzi kumatsegula m'mimba. Mphaka ndi wodya nyama, ndipo nsima yothira msuzi simupatsa taurine, michere yopezeka mu nyama imene mtima ndi maso ake amafuna. Nsomba zouma zamchere zimalemetsa impso, mkaka wa ng'ombe umatsegula m'mimba amphaka ambiri akuluakulu, ndipo anyezi ndi adyo za mu ndiwo zimawononga magazi ake. Panado musam'patse ngakhale kachidutswa, amapha mphaka. Mankhwala a utitiri ndi nkhupakupa opangira agalu amene ali ndi permethrin amamunjenjemeretsa mpaka kufa. Akakana chakudya masiku awiri athunthu, abwerere kwa dokotala, chifukwa chiwindi cha mphaka chimadzaza mafuta akasiya kudya, makamaka wonenepa. Wamwamuna akamakhala m'mchenga akuchima koma mkodzo osatuluka, njira yatsekeka, ndipo sangadikire mawa.

Tsopano dzina. Mu 2019, Atsuko Saito ndi anzake ku Japan anasindikiza kafukufuku wosonyeza kuti amphaka amasiyanitsa mayina awo ndi mawu ena. Njira yawo ndimaibwereka poyesa dzina lakale. Mphaka atakhala phee akuyang'ana kwina, ndimatchula mawu wamba anayi otalika ngati dzinalo, ndikupumira pang'ono pakati, kenako dzina lenilenilo ndi liwu lomwelo. Pa mawu oyamba amagwedeza khutu, pofika achitatu kapena achinayi wasiya kulabadira. Khutu kapena mutu ukatembenukanso pa dzinalo, ndiye kuti amalidziwa. Zikatero ndimalisunga, ngakhale litakhala losandisangalatsa. Nyumba, fungo ndi anthu zonse zasintha, ndipo dzinalo ndi limene lingamubweze pakhomo tsiku loyamba kutuluka.

Akapanda kulabadira, ndimayamba ndayesa makutu. Ndimagwedeza makiyi kumbuyo kwake iye osandiona. Amphaka okalamba ambiri samva bwino, ndipo oyera a maso abuluu ena amabadwa osamva. Wotereyu dzina limangothandiza inu ndi dokotala. Pomuitana mumaponda pansi mwamphamvu kuti amve kugwedezeka, kapena kuyatsa ndi kuthimitsa tochi nthawi ya chakudya mpaka azolowere.

Ndimasintha dzina ngati silikudziwika, ngati likufanana ndi la munthu wa pabanja kapena woyandikana naye, kapena ngati mphakayo amanyumwa n'kuthawa akalimva, kusonyeza kuti ankalimva pokalipiridwa. Sindithamangira. Sabata imodzi yokhala naye imaonetsa zimene zingamuyenere. Dzina labwino limakhala lalifupi, la maphatikizo awiri kapena atatu, losafanana ndi mawu omveka pakhomo tsiku lonse kapena ndi dzina la mwana. Phulusa limakwanira wotuwa, Makala wakuda, Mawanga wa mitundumitundu, Bonya wowonda. Gogo limamveka lokoma kwa nkhalamba, koma ngati pakhomo pali agogo enieni, mphaka adzalimva kambirimbiri popanda chomukhudza n'kusiya kulilabadira, ndipo agogowo sangasangalale. “Pusi” ndi mayitanidwe a mphaka aliyense m'mudzi, ndiye wanu adzathamangira aliyense womuitana. Chizolowezi chathu chopatsa chiweto dzina lojeda mnansi, monga Adzatopa kapena Amandida, ndimachipewa. Dzinalo mudzalifuula panja madzulo aliwonse kwa zaka, mkanganowo utatha kalekale. Ndisanasankhe ndimaima pakhonde n'kulitchula mokweza katatu. Likandichititsa manyazi kapena kupota lilime, ndimalisiya.

Kuphunzitsa kumafuna tinyama ting'onoting'ono ta nkhuku yophika yopanda mchere, tofanana ndi njere ya chimanga. Ndimatchula dzina kamodzi, akangoyang'ana ndimapereka kanyama pasanathe masekondi awiri. Ndimabwereza kasanu mpaka kakhumi, kawiri kapena katatu patsiku, asanadye chakudya chake. Akazolowera ndili pafupi, ndimatalikira masitepe awiri, kenako chipinda china. Ngati dzina lakale amalidziwa koma likufunika kusintha, ndimayamba ndi latsopano n'kutsatiza lakale, monga “Phulusa, Tiger”, ndipo pakapita sabata imodzi kapena ziwiri ndimasiya lakalelo. Wodwala impso kapena shuga, funsani dokotala chimene mungamupatse m'malo mwa nkhuku.

Kuphunzitsa dzina kumalephereka pa zifukwa zitatu. Wina amatchula dzina kasanu motsatizana mphaka osatembenuka, ndipo limasanduka phokoso wamba. Wina amaitana mphaka ndi dzina kuti amumwetse mankhwala kapena kumukalipira, ndipo mphakayo amaphunzira kuthawa akalimva. Nthawi ya mankhwala ingopitani mukamunyamule mwakachetechete. Chachitatu, aliyense pakhomo amakhala ndi dzina lakelake lomuitanira. Mwezi woyamba onse agwirizane pa limodzi.

Dzina likakhazikika, ndimalilembetsa m'kabuku ka katemera, lakale ndikulisiya pambali pake kuti mbiri ya kuchipatala isasokonekere. Ngati ali ndi microchip, kachipangizo koikidwa pansi pa khungu kothandiza kudziwa mwini wake, ndimapempha dokotala andithandize kusintha dzina la mwini ndi nambala ya foni, apo ayi akadzasowa adzaimbira munthu amene anasamuka kalekale. Pa tsamba lomwelo ndimalemba kulemera kwake pa tsiku limenelo, ndipo ndimamuyezanso mwezi uliwonse. Mphaka wa makilogalamu 4 akataya magalamu 200 popanda kusintha chakudya, ndimapita naye kwa dokotala osadikira miyezi 6 ija.