Usiku umene motosera yanga idagona mumtengo

Poti kavidiyo kaja kafika kale mpaka ku Dedza, ndipo ena mwayamba kumandiimbira foni n'kumangoseka osapereka ndi moni yemwe, bola ndifotokoze ndekha. Eya, chinthu chimene chinkaphethira mumtengo wa mapeyala kwa apongozi anga usiku wa Loweruka chidali changa. Siidali ndege ya afiti ayi, idali motosera, makina a tcheni odulira mitengo. Ndipo mawu amene akumveka chakumapeto kwa kavidiyoko akuti "mwina n'chiphaniphani chachikulu" ndi anga. Ndidali ndi zifukwa zanga.

Mlandu woyamba ndi wa dzuwa la ku Tete. Ife a kuno ku Angónia tidazolowera mphepo ya ku Domwe, ndiye ukatsika ndi chapa, minibasi yathu ija, n'kudutsa Moatize, n'kuwoloka Zambezi pa mlatho wa Samora Machel, bongo umasungunuka ngati mafuta a nkhumba. Ndidali nditagulitsa kachewere, ndalama zili m'thumba, thukuta lili kamukamu. Ndidalowa m'sitolo ina kungofuna mthunzi. Ndidatulukamo ndi katoni.

Musaganize za chimotosera cha petulo cha anthu ocheka matabwa chija, chimene chikalira ku phiri mbuzi za m'mudzi zimasiya kudya. Yangayi ndi ya batire, yogwira ndi dzanja limodzi. Chitsulo chimene tcheni imazungulirapo n'chotalika masentimita 15 okha, mabatire ndi awiri olembedwa 21V, kuphatikizapo kabotolo ka oyilo wodonthezera pa tcheni. Palibe zokoka chingwe mpaka phewa kuguluka, palibe zosakaniza petulo ndi oyilo. Umakanikiza kabatani ka m'mbali ndi chala chachikulu, n'kufinya kenako ndi chala cha mkombaphala, basi yayamba. Ukasiya, yaima. Mabatani awiriwa muwakumbukire.

Ndipo ndinene pano, onyoza asanayambe: kamakinaka kamagwira ntchito. Sabata yoyamba ndidadula nkhuni za mwezi wathunthu, mitengo ya mpanda wa kudimba, ndidasadzira mapichesi onse. Chilichonse chonenepa ngati mkono wa munthu kamangodutsa ngati kakudula nthochi yakupsa. Batire imodzi imatha msanga, mwina theka la ola, koma ukaika inayo ntchito yapakhomo yatha. Za tsiku lija ndidabwezera tcheni chotembenuza nditaitsuka, mano a pamwamba atayang'ana kwa ine m'malo moyang'ana kutsogolo, n'kukhula chipika chimodzi mpaka kufuka utsi popanda ndi utuchi womwe, sitikambapo. Padalibe mboni.

Tsono apongozi aakazi adadandaula, kudzera mwa mwana wawo monga mwa mwambo, kuti nthambi ya mpeyala yaweramira padenga ndipo ikukhula malata usiku wonse. Apongozi aamuna adati atuma mlamu wanga wamng'ono akwere ndi chikwanje. Ine ndi pakamwa pangapa ndidati, "Bambo, musavutitse mwana. Zimenezo n'zakale." Inu amene muli pa chikamwini mukundimvetsa. Munthu zaka zisanu ndi ziwiri ukungodziwika ndi kulima mizere yokhota, ndiye mwayi woti uoneke ngati injiniya ungausiye?

Nthambiyo idali m'mwamba, mamita anayi kapena kuposerapo, yonenepa ngati ntchafu. Wogulitsa uja adandichenjeza kuti ndisamakwere nayo mumtengo kapena pamakwerero, chifukwa nsonga yake ikagunda mtengo imadumpha kubwerera kumaso. Ine ndidamvera. Lembani zimenezo penapake, ndidamvera. Sindidakwere. Ndidangotenga nsungwi imene amachirikizira chingwe choyanikapo zovala, n'kumangirira motosera kunsonga kwake ndi mphira ya chubu cha njinga. Vuto lidatsala la mabatani aja, poti chala changa si cha mamita anayi. Ndidawamanganso ndi mphira, onse awiri, ndi mfundo yomangira mbuzi. Anthu ophunzira adakhala pansi n'kuika mabatani awiri dala kuti makina asamayake okha, ine ndidathetsa maphunziro awo onse ndi chubu.

Nditalowetsa batire idayamba pompo. Apongozi adakhala pampando wa ndalema chapatali, chipewa pamutu. Ana atatu adakhala pamtondo. Wina mwa iwo adati, "Ikulira ngati makina ometera." Sindidamuyankhe, ndi mwana.

Ndidaikweza ili chilirire, nsungwi ikugwedezeka ngati mbedza yakola mlamba, mpaka idakhudza nthambi cha kunsi. Abale, idadya! Utuchi unkagwa ngati mvula ya Januwale, m'maso, m'mphuno, m'kamwa momwe poti ndinkamwetulira. Ndidacheukako pang'ono kuti ndione ngati apongozi akuona. Ankaona. Idalowa chala chimodzi, zala ziwiri, zitatu, kufika pakati. Kenako nthambi idangoti tsee, kutsika pang'ono chabe, mpata wodulidwa uja n'kutsekeka. Motosera idati nyiii, nyi, zii.

Ndidakoka nsungwi. Ndidakokanso. Kachitatu ndidakoka ndi mphamvu zonse za kachewere wa ku Angónia, ndipo nsungwi idabwera yokha, ine n'kukhala pansi pa phulusa la kukhitchini, miyendo m'mwamba. Motosera idatsala komweko, italumidwa ndi mtengo, chogwirira chili lende, kanyali kofiira ka pa batire kakuti phethi, phethi, phethi.

Padali zii. Nkhuku imene inkapalasa idaima ndi mwendo umodzi. Apongozi adavula chipewa, adayang'ana kumwamba nthawi yaitali, adayang'ana ine, adayang'ananso kumwamba. Adatulutsa fodya, n'kumupichira bwinobwino, osafulumira, kunyambita pepala, kuyatsa. Ine ndikadali pa phulusa, nsungwi m'manja ngati msilikali wa Angoni amene nkhondo yamuthawa. Atakoka utsi kawiri ndiye adafunsa mwaulemu wonse:

"Akamwini, yatopa?"

Ndidati, "Ikupuma, bambo."

Adagwedeza mutu. "Ipume."

Idapumadi. Masana onse. Ndidayesa kuikola ndi nsungwi, osatheka. Ndidatola mwala, mayi a kunyumba adangondiyang'ana, mwala ndidausiya. Mlamu wanga adati akwere akaizule, ndidamukaniza, ndipo apa pokha ndiyamikeni: mabatani adali chimangire, batire ili momo, ikadangomasuka ikadayambira m'manja mwa mwana wa eni. Ndidati tidikire batire ithe yokha. Batire imene pa nkhuni imatha ndisanatuluke thukuta, tsiku limenelo idaganiza zokhala ndi moyo wautali.

Anthu ambiri a m'mudzi adali ku chinkhoswe kutsidya kwa mtsinje, ndiye za masanazi sadazione. Adayamba kubwerera kutada, mdima wa mu Julayi, kuzizira kolowa m'mafupa. Woyamba kudutsa adali mkulu wina amene adalawako kachasu. Ndidamva mfuu ndili m'bulangete: "Yagwa! Yagwa kwa anthu! Yathera mafuta mumtengo!"

Mphindi khumi sizidathe, bwalo lidadzaza. Agalu akuuwa. Amayi ena adabwera ndi mchere m'mbale n'kumawaza kuzungulira mtengo, gogo wina atagwira kolona akupemphera mokweza, anyamata atanyamula zibonga koma ataima kumbuyo kwa amayiwo. Tochi za mafoni sizinkafika bwino, zinkangoonetsa chinthu chakuda chokhala ndi mchira, mphira ija ikulendewera, ndi diso limodzi lofiira. Wina adalumbira kuti wachiona chikupuma. Wina adati chamutchula dzina.

Ine ndidatuluka n'kuima pakati pa gulu, bulangete kumutu. Mukuti ndikadatani? Munthu wobwera, mudzi wa eni, anthu makumi asanu agwirizana kale kuti ndi ufiti, iwe n'kukweza dzanja kuti "n'changa"? Mawu amenewo pa nkhani ya ufiti satuluka bwino. Ndiye ndidayesa njira ya chiphaniphani ija, kuti mwina mitima itsike anthu akagone. Gogo wa kolona adandiyankha kuti chiphaniphani chofiira adachionapo kuti, komanso mwezi wa Julayi.

Amfumu atafika adafunsa mwini khomo. Apongozi adali atakhala pampando wawo womwe uja, ngati sadachokepo chiyambire masana. Nthawi yonseyi adali chete, kundisungira ulemu, kapena kudikira kuti anthu achuluke, sindidziwa. Adatsokomola pang'ono n'kuti:

"Mfumu, ine zachizungu sindizidziwa. Afunseni akamwini, ndi amene amamva chinenero chake. Masana amati ikupuma."

Kuseka kumene kudatsatira mwakumva nokha. Mbali imene kavidiyo sikadajambule ndi yoti amayi a mchere aja adandiuza kuti ndiwabwezere mchere wawo.

M'mawa kanyali kadali katazima. Apongozi adaunjika mapesi pansi pa mtengo, adatenga mtengo wautali wa mphanda, n'kukankhira nthambi ija m'mwamba cha kunsonga kwake. Mpata udatseguka, motosera idangoti phu pamapesi, yosathyoka paliponse. Ntchito yonse sidakwane ndi mphindi ziwiri zomwe. Kenako adandiuza, akuyang'ana kumbali monga achitira apongozi, kuti nthambi yolemera umangoilemba pang'ono kunsi kuti khungwa lisang'ambike, kudula kwenikweni umadulira pamwamba, kuti ikamagwa mpata uzitseguka. Adati ndi mmene amachitira ndi nkhwangwa chibadwire. Ine ndidati pa kapepala ka m'katoni padalidi chithunzi chotero. Kapepalako ndi kamene ndidakolezera moto tsiku loyamba.

Mlamu wanga adakwera ndi chikwanje. Sindidawerenge kuti adatema kangati, koma amene adawerenga akuti kasanu ndi kamodzi, ndipo aiwala kunena kuti theka la ntchitoyo idali itagwiridwa kale ndi ine.

Motosera ikugwirabe ntchito, dzulo lomweli ndadulira nkhuni. Ana a m'mudzi akuitcha ndege ya akamwini, ndipo ndikamadutsa pa chigayo anthu amafunsa ngati lero yadzuka. Chubu chija ndamva kuti chidali chabwinobwino, apongozi adangochichotsa kuti amate pobowoka pamodzi, ndiye Lachisanu ndipita ku Ulongwe kukagula china. Ndi mchere.