Maina 15 kuseri kwa kalendala

Usiku wa Lachiwiri ndinagona tulo tofa nato. Masabata atatu athunthu ndakhala ndikulimbana ndi kagawo kamodzi kokha ka kosi yathu ya mbiri ndi chuma cha makolo, kaja ka ICOM ndi atsogoleri ake. Amene tili limodzi pa kosiyi mukukadziwa, ndiye sindichita kuyambira patali kuti bungwe la anthu ogwira ntchito m'mamuzeu limeneli linayamba bwanji ku Paris. Aphunzitsi anatitumizira chithunzi pa WhatsApp, maina 15 ondandalikidwa ndi zaka zake, kuyambira Chauncey Hamlin mu 1946 mpaka Emma Nardi mu 2022, n'kulemba pansi pake kuti zituluka pa purova, mayeso athu. Basi.

Ndinayamba kuloweza ngati mwana wa kalasi yachitatu. M'mawa popalasa njinga kupita kusukulu kumene ndimaphunzitsa kunja kwa Ulongwe, pakamwa pali Hamlin, Salles, Hendy, van Schendel, Jelínek. Pofika pachipata maina aja aterera ngati mlamba. Madzulo kuyambiranso. Ndinkadzifunsa kuti mphunzitsi wa ku Angonia ngati ine, amene muzeu weniweni ndinalowamo kawiri kokha chibadwire, ndipindulanji kudziwa kuti mzungu wakutiwakuti anakhala pampando kuyambira 1959 mpaka 1965.

Amene ananditsegula mutu ndi wa nambala 8. Alpha Oumar Konaré, 1989 mpaka 1992. Dzinali ndinali nditalitchula kambirimbiri osaganiza kanthu, koma tsikulo linandigwira. Kodi ameneyu si pulezidenti uja wa Mali? Poyamba ndinati mwina n'kungofanana maina. Ndinagula mamega a 20 metikashi n'kuyamba kufufuza, ndipo ndinapeza kuti ndi yemweyo. Anachoka pampando wa ICOM mu 1992, chaka chimene anthu a kwawo anamusankha kukhala mtsogoleri wa dziko, analamulira mpaka 2002, kenako n'kukatsogolera Komishoni ya African Union kuyambira 2003 mpaka 2008.

Upulezidenti wakewo si umene unandidzidzimutsa kwenikweni. Ndi njira imene anadzera asanafike ku ICOM. Anabadwira ku Kayes mu 1946, chaka chomwe bungwelo linabadwa. Ntchito yake yoyamba inali ya choko, mphunzitsi ngati ine ndi inu. Anakaphunzira mbiri ndi zofukula zakale ku Warsaw, ku Poland, atabwerako n'kuyang'anira nthambi ya boma yosamala zinthu zakale. Mu 1978 anamupatsa unduna wa achinyamata, masewera ndi chikhalidwe m'boma la Moussa Traoré, koma mu 1980 anatula yekha pansi udindowo. Mu 1983 anayambitsa Jamana, gulu losindikiza zolembalemba za chikhalidwe, ndipo mu 1989 anatulutsa nyuzipepala yosadalira boma. Ndiye munthu wotere, mphunzitsi, wofukula, nduna yotula udindo, mtolankhani wovutitsa boma la asilikali, mwamukhazika pampando wa mamuzeu a dziko lonse, woyamba wa mu Africa. Achita chiyani? Mu 1991 ICOM inaitanitsa misonkhano ku Benin, Ghana ndi Togo yofunsa kuti Africa ikufuna mamuzeu otani, ndipo Konaré ananena poyera kuti muzeu wotengera kwa azungu ayenera kuphedwa mu Africa muno kuti pamere china. Kuphedwa. Zimene zinayambira pamenepo ndi zomwe zinadzabala AFRICOM, bungwe la mamuzeu a mu Africa, imene inakhazikitsidwa pafupi pomwepa ku Lusaka mu 1999, likulu lake n'kukhala ku Nairobi.

Ndinaika foni pansi n'kukhala phee. Munthu amene wakulira m'makonde a Louvre, muzeu wamkulu wa ku Paris, sangatulutse mawu amenewo, ngakhale atawaganiza. Anawatulutsa ndi munthu amene anaimapo patsogolo pa ana a ku Kayes, akudziwa kuti makolo a anawo sadzapondamo m'nyumba imene atsamunda anasiya yodzaza ndi zinthu za makolo omwewo. Mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Apa m'pamene ndinaona kuti chithunzi chija cha pa WhatsApp ndinkachiwerenga chozondoka. Ndinkaloweza zaka zimene anthuwa anakhala pampando, pamene nkhani yonse ili pa zaka zimene asanakhalepo. Aliyense anabwera atasenza katundu wa kumene anachokera, n'kumutula mu muzeu, ndipo tanthauzo la muzeu linkasuntha malinga ndi katunduyo.

Ndinachotsa pakhoma kalendala ya chaka chatha, ija amapereka ogulitsa mbewu, n'kuitembenuza. Kuseri kwake ndinalemba mzere umodzi wautali kuchokera 1946 mpaka 2022. Pamwamba pa mzere, maina. Pansi pa dzina lililonse, funso limodzi lokha: asanalowe mu muzeu ankadya za chiyani? Kenako ndinatenga cholembera chofiira chimene ndimachongera mayeso a ana n'kuzunguliza zaka zimene ICOM inasintha tanthauzo la muzeu. Zimene zinatuluka papepalapo, amwene, zinandiimitsa tsitsi.

Hamlin, woyambitsa uja, anali loya wa ku Buffalo amene anadzatsogolera muzeu wa sayansi wa mumzinda wakwawo. Tanthauzo la 1946 likumvekadi ngati lolemba loya, kungondandalika kuti muzeu ndi zosonkhanitsa zotsegukira anthu, zaluso, zasayansi, za mbiri, kuphatikizapo malo osungira nyama ndi zomera. Otsatira ake atatu ndi akuluakulu a nyumba zazikulu za ku Ulaya: Georges Salles wa mamuzeu a ku France, mdzukulu wa Gustave Eiffel womanga nsanja uja, Philip Hendy wa National Gallery ku London, ndi Arthur van Schendel wa Rijksmuseum ku Amsterdam. Awa ndinangowadutsa. Ndiye kukubwera Jan Jelínek wa ku Brno mu 1971, katswiri wa za anthu ndi chiyambi chawo, ndipo cholembera chofiira chikugwera pa 1974, ku Copenhagen, pamene analowetsa mawu akuti muzeu ndi wotumikira anthu ndi chitukuko chawo. Alissandra Cummins wa ku Barbados, mayi woyamba pampandowu, anasankhidwa ku Seoul mu 2004, wochokera pachilumba chimene mbiri ya anthu ake ambiri, zidzukulu za akapolo, sinasungidwe m'makabati agalasi. Chofiira chikugwera pa 2007, ku Vienna, pamene tanthauzo linalandira chuma chosagwirika ndi manja, monga nyimbo, magule ndi miyambo. Kumbukirani kuti Gule Wamkulu wathu UNESCO inamulengeza kukhala chuma chotere mu 2005, pakati penipeni pa zaka zimenezi. Nardi ndi pulofesa wa zamaphunziro wa ku Rome, ndipo anasankhidwa ku Prague mu Ogasiti 2022, pamsonkhano womwewo umene unavomereza tanthauzo latsopano lonena kuti muzeu azigwira ntchito limodzi ndi anthu a m'dera.

Awiri anandisangalatsa mwapadera. Saroj Ghose wa ku India, amene analowa m'malo mwa Konaré, anali injiniya wa zamagetsi. M'zaka za m'ma 1960 ku Kolkata anaika zionetsero za sayansi m'basi n'kumazipititsa kumidzi. Ndi nzeru za injiniya zimenezo: ngati anthu sakubwera kunyumbayo, imangireni matayala. Ndinaganiza za chapa yochoka ku Ulongwe kupita ku Domwe itanyamula zotere m'malo mwa matumba a kachewere, ndinaseka ndekha. Wina sali pa mndandanda wa aphunzitsi chifukwa sanali pulezidenti, anali mkulu woyendetsa ofesi kuyambira 1948: Georges Henri Rivière. Uyu anayamba ngati woimba piyano m'malo achisangalalo a ku Paris, asanalowe mu muzeu wa ku Trocadéro mu 1928. Woimba amadziwa kuti chinthu chimakhala chamoyo pamene anthu akuchichita, ndipo ndi iyeyu, pamodzi ndi Hugues de Varine amene anamulowa m'malo, amene anakankha ganizo la ekomuzeu, loti mudzi wonse ndi anthu ake ndiwo muzeu.

Ndikunenetsa, njira ya kalendalayi palibe ina yoiposa. Kuyambira Lachiwiri sindinaiwale dzina ngakhale limodzi, chifukwa tsopano ndikukumbukira loya, woimba, mphunzitsi, injiniya, ndipo maina akungotsatira okha ngati ana a nkhuku. Ndayamba kale kuiyesa pa atsogoleri a Frelimo, ndi ana anga a kalasi ya chisanu ndi chiwiri ndiiyesanso. Ndikukhulupirira kuti phunziro lililonse la mbiri likhoza kulowa kuseri kwa kalendala imodzi.

Chimene chikundiwawa n'chakuti masabata atatu aja akanatha kukhala usiku umodzi. Aphunzitsi athu timakumana nawo Loweruka limodzi pamwezi ku Tete, ulendo wodzuka tambala woyamba, kukafika thukuta lili kamukamu ndi kutentha kwa kumeneko. Ukafika, iwo amangowerenga zimene zili pa kompyuta yawo, mzere ndi mzere, m'Chipwitikizi chothamanga. Mwezi watha ndinakweza dzanja. Ndinati, “Aphunzitsi, pepani, kodi anthu amenewa ankasankhidwa potengera chiyani?” Anayang'ana wotchi n'kuti, “Zimenezo si za pa purova, bambo.” Sindikuti ndi munthu woipa, mwina nawonso akuthamangitsidwa ndi makalasi anayi tsiku limodzi. Koma munthu wophunzitsa za mamuzeu kudumpha dzina la Konaré osaima ngakhale mphindi imodzi, pamaso pa aphunzitsi anzake a mu Africa okhaokha! Ndipo zambiri zimene ndinapeza zili m'Chifalansa ndi Chingerezi, ndinkachita kumasulira ndi foni chiganizo chimodzichimodzi, mamega akutha, nyali ya sola ikuzima, makope 60 a ana akundidikira pampando.

Dzulo ndinajambula kalendala yanga n'kutumizira mnzanga wa ku Tsangano, ndili ndi matama. Anayankha ndi mawu ojambula, akuseka. Anati, “Achimwene, mwakoza, koma mwasankha okukomerani. Nanga Hubert Landais ndi Geoffrey Lewis, amene moyo wawo wonse unali wa mu muzeu, mwawaika pati? Ndipo tanthauzo salemba pulezidenti, amavota ndi mamembala.” Anandikumbutsanso kuti mawu a 1974 aja anali atapsa kale ku Santiago, ku Chile, mu 1972, pamsonkhano wa anthu a ku Latin America, ndiye Jelínek mwina anangopezeka pampando nthawi yabwino. Chomwechonso Nardi, tanthauzo la 2022 analipeza litaphikidwa kale. Anawonjeza za Kyoto mu 2019, pamene tanthauzo latsopano linabwera pansi pa Suay Aksoy wa ku Turkey, mamembala n'kukana kulivotera nthawi imeneyo, chaka chotsatira mayiyo n'kutula pansi udindo. Ndinamuyankha kuti nsanje. Koma nditazimitsa foni ndinakhala ndikuyang'ana mizere yofiira ija. Kodi munthu ndiye amabweretsa nyengo, kapena nyengo ndiyo imasankha munthu woiyenera? Pa Konaré ndikuumirirabe kuti ndi munthu. Pa enawo ndayamba kufewa.

Palinso china chimene kalendala yalephera kundithandiza. Umodzi mwa maulendo awiri aja amene ndinalowa mu muzeu unali wa ku Mua. Tinadutsa pa Calomue, kulowa Dedza, kutsetsereka phiri la Golomoti, ine ndi amalume anga, amene ndi mmodzi wa akuluakulu a kudambwe kwathu. Ku Kungoni, kumene wansembe wa ku Canada Claude Boucher anayambitsa mu 1976, muli chipinda chodzaza ndi nkhope za gule, mazanamazana. Onani, nayenso ndi wa njira ina, wansembe komanso wojambula, ndipo ndikanamulemba pa kalendala yanga mosangalala. Ine m'chipindamo ndinatengeka. Amalume anavula chipewa, anayenda pang'onopang'ono manja ali kumbuyo, osayankhula. Titatuluka ndinawafunsa kuti, “Amalume, mwaziona bwanji?” Anati, “Wasamala bwino mzunguyu. Koma mphwanga, chilombo chopachika pakhoma n'chakufa.” Sanaonjezepo, ndipo ometa mukudziwa chifukwa chake sindinafunsenso.

Konaré ankafuna kupha muzeu wa azungu kuti zinthu zathu zikhale ndi moyo. Amalume akuti khoma lililonse limapha, kaya wamanga ndani. Ngati ganizo langa lili loona, kuti kumene munthu wachokera ndiko kumaumba muzeu wake, ndiye tsiku limene anthu osamala chuma cha makolo kuno ku Tete adzakhale ndi bungwe lawolawo lolimba, woyenera kulitsogolera pa nkhani ya gule ndi munthu ngati amalume. Koma amalume atapatsidwa makiyi, chinthu choyamba angachite ndi kukhoma chitseko, ndipo mwina angakhale akulondola. Tanthauzo la ku Prague likuti muzeu akhale wotsegukira aliyense, likutinso azigwira ntchito ndi eni dera. Nanga eni dera akanena kuti tsekani?

Purova ili Loweruka likubwerali. Maina 15 ndi zaka zake ndilemba bwinobwino, pamenepo palibe nkhawa. Akafunsa funso lofotokoza, sindinaganizebe ngati ndidzalembe za loya ndi woimba piyano, kapena za mnzanga wa ku Tsangano amene wandibowolera kalendala, kapena ndingobwereza zili pa kompyuta ya aphunzitsi kuti ndipeze 14 wanga pa 20 ndizipita. Za amalume ndikuona ngati sindilemba.