Kuno kulibe belu

Tsiku lomwe anatipatsa ndandanda wa makalasi ndinaseka ndekha m'chipinda. Sukulu ya masitazi, ku Glasgow, koma sabata yonse maola okhala m'kalasi osafika ngakhale 10. Lachitatu mbee, Lachisanu kalasi imodzi yokha m'mawa. Ndinajambula pepalalo n'kuwatumizira achemwali anga ku Lilongwe, pansi pake n'kulemba kuti, "Asisi, kuno ndabwera kudzapuma."

Chimene pepalalo silinanene n'chakuti masitazi ya chaka chimodzi kuno ku UK ndi makirediti 180, ndipo kirediti iliyonse amaiwerengera maola 10 a ntchito. Ndiye kuti maola 1,800 m'miyezi 12. Mukawagawa bwinobwino mupeza kuti ndi ntchito ya m'mawa mpaka madzulo, Lolemba mpaka Lachisanu. Kosi imodzi ya makirediti 20 ndi maola 200, koma a lekichala mumaonana nawo mwina maola 20 kapena 30 basi. Otsalawo ndi ako, ndipo palibe adzakufunse kuti wawaika kuti.

Ine ndinakula nthawi yanga ili m'manja mwa anthu ena. Ku sekondale yogonera konko belu loyamba linkalira kusanache, kenako la phala, la asembule, la kalasi, mpaka la pulepu ya usiku, pulifekiti ali pakhomo ndi kope lolembamo maina a olongolola. Ku koleji ku Zomba belu kunalibe, koma kunali maso. Mayeso akayandikira anzako a gulu la diskashoni ankabwera okha kudzagogoda, ndipo aliyense ankadziwa amene walemba sapu ndi amene wawididwa. Buku lofunika kalasi yonse linkakhala limodzi, umabwereka kwa maola ochepa wina akukudikira. Magetsi akayaka umathamangira kutchaja laputopu n'kulemba pomwepo, poti sukudziwa kuti azima liti. Bandulo nayo inkatisunga: pa Facebook unkalowa mowerengetsera. Nanga kuchipatala chaching'ono komwe ndinkagwira ntchito, ungazengereze bwanji amayi oyembekezera atadzaza kale pabenchi 7 koloko isanakwane?

Zaka zonsezo ndinkadziyesa munthu wosunga nthawi. Nthawiyo ankandisungira ndi anthu, komanso kusowa kwa zinthu.

Kuno magetsi sazima, intaneti siitha, laibulale ili mu laputopu momwemo, ndipo ukajomba kalasi zomwe anaphunzitsa uzipeza atakuikira kale pa intaneti. Chilichonse chimene chinkandikakamiza kuchita chinthu lero lomwe chinachotsedwa. Kunangotsala tsiku limodzi lakutali lopereka asayimenti, ndipo tsiku lakutali siliwopsa munthu.

Kenako kunabwera mdima. Pa 27 Okutobala 2024 mawotchi anabwezedwa m'mbuyo ndi ola limodzi, ndipo pofika Disembala dzuwa linkatuluka cha m'ma 8:45 n'kulowa 4 koloko isanakwane. Kutulukako n'kwa dzina chabe, nthawi zambiri kumangokhala mitambo ndi kamvula kowaza. Thupi loleredwa ku Ntcheu limadziwa kuti kukada tsiku latha: phika, samba, gona. Inkangoti 4 koloko ine laputopu ndatseka, madzi a nsima ali pamoto, mtima uli phee kuti lero ndayesetsa. A NHS, bungwe la boma loona zaumoyo kuno, amalangiza anthu kumwa vitamini D nthawi yozizira, ife a khungu lakuda chaka chonse. Ndinagula n'kuyamba kumwa. Mafupa mwina anathokoza, koma asayimenti sinasunthe.

Anthu amaganiza kuti wozengereza ndi munthu wogona masana. Ine sindinagonepo masana. Chipinda changa sichinayerepo ngati mmene chinkayerera sabata yopereka asayimenti, mpaka kuseri kwa firiji. Pa laputopu pamakhala tsamba lotsegula: mutu wa nkhani pamwamba, nambala yanga ya sukulu, dzina la kosi, zilembo nditazisintha kukula kwake n'kuzibwezeranso mmene zinalili. Pansi pake poyera. M'foda muli mapepala a kafukufuku ambirimbiri omwe ndakopera, lililonse nditalipatsa dzina labwino, koma lowerengedwa mpaka kumapeto palibe. Ndiye umakumbukira kuti ufa watsala pang'ono, ndipo shopu yogulitsa ufa ili mbali ina ya mzinda. Ukabwerako umaviika nyemba, poti za m'chitini sizikoma, ndipo nyemba zouma zimafuna munthu wozidikira. Madzulo watopadi, kutopa kwenikweni, ndipo palibe angakuloze chala.

Kuzengereza kolemekezeka kuposa konse ndi maganyu. Viza ya wophunzira imalola kugwira ntchito maola 20 pa sabata sukulu ili mkati, ndipo ine ndinapeza malo m'nyumba yosamalira okalamba, £11.44 pa ola. Uthenga umalowa madzulo kuti wina wadwala, ungabwere mawa? Mutu umayamba wokha kusintha mapaundi kukhala makwacha, ndipo mu Novembala makwachawo amasandukanso matumba a feteleza. Ndani angakane? Ndalama ya shifiti umaiona mwezi womwewo, phindu la asayimenti silioneka n'komwe. Ndipo kusambitsa gogo wachizungu, ngakhale n'kotopetsa, ndimakudziwa. Manja amagwira okha. Tsamba loyera lija ndi limene sindinkalidziwa.

Kwinako ndi kumudzi. Nthawi yozizira Malawi amakhala patsogolo ndi maola awiri, nthawi yotentha ola limodzi, ndiye foni imayamba kunjenjemera kuno kusanache. Gulu la banja, la kutchalitchi, la omwe tinaphunzira limodzi, la zopereka za maliro. Kuyambira Januwale 2024 wophunzira masitazi ya m'kalasi saloledwa kubwera ndi banja, choncho mwana wanga anatsala ndi amayi. Akaimba sindingaleke kuyankha, ndipo sindikufuna kuleka. Koma pambuyo pa mwanayo pamabwera amalume ndi nkhani ya malata, msuweni ndi nkhani ya fizi, onse akuyamba ndi mawu amodzimodzi: "Poti inu muli kunjako." Ukayankha msanga kamodzi, kwawoko zatsimikizika kuti ulibe chochita.

Zonsezi n'zoona, koma pansi pake panali mantha. Asayimenti yoyamba itabwera, a lekichala anali atalemba m'mbali mobwerezabwereza funso limodzi: zomwe akatswiriwa anena wafotokoza bwino, nanga iwe ukuti bwanji? Kwathu tinakhoza mayeso pobweza zomwe aphunzitsi anatipatsa, mwaukhondo, osataya kalikonse. Pano akufuna kuti nditsutse pulofesa amene wakhala pa nkhaniyo moyo wake wonse, m'Chingerezi chimene kufikira chaka chatha ndinkachiyesa changa. Nthawi iliyonse ndikatsegula tsamba lija mtima unkati myuu, ndipo kukolopa kunkachotsa kumva kumeneko pompopompo. Akatswiri a zamaganizo awiri, Fuschia Sirois ndi Timothy Pychyl, amanena zomwezo, kuti wozengereza sathawa ntchito koma amathawa kusamva bwino komwe ntchitoyo ikumubweretsera panthawiyo, n'kusiyira katunduyo munthu amene adzakhale iye mawa. Ndimagwirizana nawo, koma mwatheka. Mantha ndinali nawo ku Zomba komwe. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko wina ankabwera kudzagogoda, mantha ali pomwepo iwe n'kunyamula makope.

Kusukulu kuno amaphunzitsa kasungidwe ka nthawi, ndipo ndinapitako. Njira yomwe amaikonda kwambiri ndi ya Pomodoro, imene Francesco Cirillo wa ku Italy anaiyambitsa cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kawotchi ka kukhitchini kooneka ngati tomato: gwira ntchito mphindi 25, puma mphindi 5, yambiranso. Pali amene imawathandiza, sindikutsutsa. Ine kawotchi kanga kanali mu foni, foni yomweyo ya WhatsApp. Komanso belu loti ungathe kulizimitsa wekha popanda wokuona si belu.

Chimene chinandithandizako poyamba n'choseketsa. Glasgow ili ndi sitima ya pansi pa nthaka, ya mu 1896, imene imangozungulira malo amodzimodzi, masiteshoni 15, ndipo kuzungulira konse kumatenga mphindi 24. Pansipo netiweki imavuta. Ndinayamba kusindikiza pepala limodzi la kafukufuku, kukwera ndi cholembera m'manja, osatsika mpaka sitima itandibwezera pomwe ndinakwerera. Phokoso lake ndi losaneneka, koma kothawira kulibe. Kuwerenga kunayenda. Kulemba ayi, pabondo sulemba mawu 3,000.

Kulemba kunayamba nditakumana ndi mayi wina wa ku Chipata, ku Zambia. Tinali m'shopu ya ufa ija, anandimva ndikukalipira mwana pafoni, n'kundigwira paphewa: "Amayi, mwana simukalipira pagulu." Iye akuphunzira za chuma, ine za umoyo wa anthu, zoti tingathandizane pa nkhani yeniyeni palibe. Tinangogwirizana zokumana ku Mitchell Library, laibulale ya mzinda ija ya denga lobiriwira pa Charing Cross, m'mawa uliwonse umene tonse tilibe kalasi kapena shifiti. Foni yanga imalowa m'chikwama chake, yake m'changa. Wochedwa amagula tiyi. Tisanayambe aliyense amanena chomwe akufuna kumaliza, ndipo saloledwa kunena kuti "ndiwerenge pang'ono", ayenera kutchula chinthu chooneka, monga ndime zitatu za gawo lachiwiri. Poweruka timatembenuzirana malaputopu. Iye sawerenga zomwe ndalemba, amangoyang'ana pansi pomwe pamaoneka nambala ya mawu n'kunena kuti, "Sisi, izi ndiye za tsiku lonse?" Manyazi a funso limenelo anandilembetsa zomwe mapulogalamu onse a pafoni analephera. Mantha aja sanachoke. Ndimangolemba ali pomwepo, chiganizo choyamba choipa, chachiwiri choipako pang'ono, poti munthu ali patsidya pa tebulo ndipo kukolopa kulibe.

Loweruka lina tinakwera sitima kupita ku Blantyre wa kunoyu, komwe David Livingstone anabadwira mu 1813, nyumba yake pano ndi malo osungira mbiri. Amafotokoza kuti anayamba ntchito m'fakitale ya thonje ali ndi zaka 10, kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 8 koloko usiku, akaweruka n'kupitanso kusukulu, ndipo masana buku ankalitsamiritsa pamakina kuti aziwerenga akugwira ntchito. Mnzangayo anapukusa mutu kuti ife ndiye alesi enieni. Ine sindinaone choncho. Khama anali nalo, palibe angakane, koma fakitale inkamuuza nthawi yodzuka ndi yoweruka, ndipo kanthawi kowerenga kanali kochepa koti sakanakaseweretsa. Akanamupatsa Lachitatu lopanda kanthu ndi intaneti yosatha, mwina nayenso akanaviika nyemba.

Kwa amene akundiyang'anira pa kafukufuku wanga ndinachita kupempha. Ndi mayi wofatsa, amafuna ndizimutchula dzina lake loyamba, koma lilime langa limakana, ndimangoti "Dokotala" iye n'kumaseka. Ndinawauza kuti andipatse masiku operekera chaputala chilichonse. Anadabwa, anati pa msinkhu uno munthu amadziikira yekha. Ndinati ndikudziikiradi ndekha, koma ndikufuna kuti masikuwo alembedwe m'buku lawo. Analemba.

Nkhani ya kumudzi inali yovuta kuiyamba. Kuuza mayi ako kuti asamaimbe nthawi ina iliyonse si mawu oti mwana anene. Ndinazungulira nayo mpaka ndinangofotokoza mmene zilili, kuti ntchito ikundithawa ndipo ndikalephera palibe chaka china chobwereza mwaulere. Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Zengerezu adalinda kwawukwawu, mwana wanga. Bwanji osanena kale?" Tsopano timalankhula 6 koloko madzulo ya kwawoko, mwana atasamba, ndi Lamlungu akabwera kutchalitchi. Achibale akawadandaulira kuti sindikuyankha, amayi amawauza kuti ndili m'kalasi, ngakhale makalasi anatha kalekale. Za maliro zokha ndi zimene zilibe nthawi yake, ndipo sindinayese n'komwe kuziikira.

Pano ndili pa kafukufuku womaliza, makirediti 60, mawu pafupifupi 15,000, wopereka mu Ogasiti. Kalasi palibe ngakhale imodzi. Mdima uja unatha, kwabwera bodza lina: mu Juni dzuwa limalowa 10 koloko usiku itadutsa, ndiye 8 koloko ukasuzumira pawindo kuli ngwee, mtima n'kumati tsiku likadalipo, ndiyamba ndikadya. Anzathu a kuno onse ali m'mapaki atavula malaya.

Mnzanga wa ku Chipata wapeza ganyu ya miyezi iwiri ku Aberdeen, anyamuka sabata yamawa. Tinayesa kukambirana zoti tizionana pa vidiyo, koma tonse tikudziwa kuti pa vidiyo munthu angathe kuoneka ngati akulemba ali pa Facebook. Ndapempha mtsikana wina wa ku Ghana wa m'kalasi mwathu kuti alowe pampando wake, ndipo wavomera ndi manja awiri. Vuto lake samwa tiyi ndipo amachedwa, ndiye tikukambiranabe za chindapusa.