Mmene ndinatsatira inshuwalansi ya malemu bambo a kunyumba

Bambo a kunyumba atatisiya, panadutsa masabata atatu ndisanalimbe mtima kutsegula chikwama chawo cha mapepala. Anali mphunzitsi kuno ku Salima, cha ku Khombedza, ndipo mwezi ndi mwezi ankawadula ndalama ya inshuwalansi ya moyo pa malipiro. Pepala la mgwirizano ndinalipeza lopindidwa pakati pa masatifiketi.

Ndinayamba ndi chiphaso cha imfa. Popeza anamwalirira m'chipatala, lipoti ndinalitenga komweko n'kukalembetsa ku NRB, kwa DC. Akanamwalirira pakhomo, bwenzi nditayambira kwa amfumu. Ndinapangitsa mafotokope a chiphaso chaunzika, changa ndi chawo, kenako minibasi ya m'mamawa pa Kamuzu Road, ulendo wa ku Lilongwe, ku ofesi ya kampani ya inshuwalansi, kukasiya fomu yopemphera ndalamazo.

Patatha masabata awiri foni inalira. "Mayi, mutibweretsere kabuku ka kuchipatala ka malemu."

M'mimba munachita kuti myuu. Bambowo anali ndi BP kuyambira kale, mankhwala ankalandira mwezi uliwonse, koma pa fomu yolowera, pafunso la matenda, panachongedwa kuti ayi. Fomuyo anawalembera ndi ejenti, mothamanga, nthawi ya buleki kusukulu. Alamu anga atamva anangopukusa mutu: "Mlamu, imeneyi yapita, musataye ndalama ya thiransipoti."

Usiku umenewo tinakhala pansi ndi mwana wanga wachisamba, iye akuwerenga Chingerezicho, ine ndikufunsa. Chakumapeto, m'zilembo zing'onozing'ono, panali ndime ya mutu wakuti Incontestability. Tanthauzo lake ndi ili: mgwirizano ukatha zaka 2 ukuyenda, mwini wake ali moyo, kampani singaukanenso chifukwa cha yankho lolakwika pa fomu. Zaka ziwirizo ndi nthawi yawo yofufuza. Akapanda kufufuza, ndi zawo. Mwanayo akuti si chifundo cha makampani ayi, ku New York zinachita kulowa m'lamulo mu 1906, boma litafufuza chinyengo cha makampani a inshuwalansi mu 1905. Koma ndimeyo ili ndi mipata. Yathuyo inkati sikuteteza wonama mwadala pofuna kuba, sikuteteza wosiya kulipira, ndipo zaka zobadwa zikalakwika, ndalama amaiwerengeranso.

Tinawerenga miyezi ndi zala, kuyambira tsiku limene pepala likuti inshuwalansi inayamba kugwira ntchito, osati limene anasaina. Zaka 2 ndi miyezi 7. Ndinagona tulo koyamba.

Ku ofesi kuja ndinaloza ndimeyo ndi chala. Mnyamata wa pa desiki anayang'ana pa kompyuta nthawi yaitali.

"Amayi, apatu pakuoneka kuti chaka chatha panadumpha miyezi itatu osalipira. Inshuwalansi ikafa n'kudzutsidwanso, zaka ziwiri zija zimayambiranso."

"Achimwene, amuna anga sankalipira pamanja. Ankadulidwa."

"Ndiye mutionetse."

Apa ndi pamene panali ntchito yeniyeni, ndipo ine ndikuti mapeyisilipi, mapepala osonyeza malipiro a pamwezi aja, ndi ofunika kuposa mmene timawaonera. Ena timakulungira mandasi. Bambowo ankawasunga, koma osati malo amodzi. Ena m'chikwama, ena m'Baibulo, awiri ndinakawapeza m'kabati ya kusukulu nditakwera kabaza dzuwa lili pamutu. Onse 31 anakwana, ndipo pa miyezi itatu ija ndalama inadulidwa bwinobwino. Inachedwa panjira, isanalembedwe m'mabuku a kampani.

Ndinalemba kalata yachidule: tsiku loyambira, tsiku la imfa, nambala ya ndime ija, ndi mafotokope a mapeyisilipi. Kabuku ka kuchipatala ndinaperekanso, sindinabise. Ndinapempha kuti ngati akukana, akane polemba ndi kutchula chifukwa, kuti ndikadandaule kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank, amene amayang'anira makampani a inshuwalansi m'dziko muno. Kope yanga anandidindira sitampu, ndinaumirira.

Za BP sanazitchulenso. Chimene anapeza ndi chaka chobadwa: pa fomu bambowo anali aang'ono ndi chaka chimodzi poyerekeza ndi chiphaso chaunzika, choncho anachotsako pang'ono. Sindinalimbane nazo. Patatha masabata 6 uthenga wa ku banki unalowa ndili kumunda, ndipo woyamba kumuimbira anali alamu aja.